AI yatipeza tili otopa kale kuno kuchigwa

Mu April 2024 anthu ambiri kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje anangoona kamkombero ka buluu katatulukira pa WhatsApp. Kampani ya Meta inali itatsegula Meta AI m'mayiko angapo, ndipo Malawi anali m'gulu lomwelo pamodzi ndi Zambia, Zimbabwe, Ghana ndi Nigeria. Panalibe kalata kapena msonkhano. Ena anayesa kucheza nako, ena anakaopa poganiza kuti ndi akathyali a pa foni aja amene amanamiza anthu kuti atumize ndalama. Kwa ambiri a ife, umu ndi mmene nzeru za makina, zimene aliyense akungozitchula kuti AI, zinalowera m'chigwa cha Shire. Sipanapite nthawi yaitali, nkhaniyi inachoka pa foni n'kulowa m'makalata ochokera ku malikulu a mabungwe ndi makampani: malipoti muzilemba mothandizidwa ndi AI, mayankho a alimi muziwasanthula ndi AI, amene sanayambe afulumire chifukwa dziko silikudikira.

Ine ndimayang'anira gulu la ogwira ntchito m'bungwe lina lothandiza alimi, ndipo dera lathu limayambira kwa Chapananga mpaka kumunsi ku Marka. Tili ndi makalaliki, alangizi oyenda pa njinga zamoto, ndi mnyamata wosunga mabuku a ndalama. Ndikulemba izi chifukwa cha zimene ndikuona pa nkhope za anthuwa, komanso zimene ndimamva ndikacheza ndi aphunzitsi aakulu, anamwino ndi makalaliki a m'maofesi ena pa Boma, pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula. Anthu atopa. Ndipo mmene mabwana ambiri akuyesera kuwathandizira ndi mmenenso akuwaonjezera kutopako.

Tiyambe takumbukira nthawi imene zinthuzi zinafikira. ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso ndi kulemba mawu, inatuluka pa 30 November 2022. Pasanathe miyezi inayi, mu March 2023, namondwe wa Freddy anatigwera. Pamene anthu a m'mizinda ikuluikulu ankakangana za chida chatsopanochi, ife tinali m'makampu a pa sukulu, kulemba ndi bolopeni pa mapepala onyowa maina a mabanja amene nyumba zawo zinakokoloka. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu January 2022, namondwe wa Ana anali ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankangozimazima. Kuseri kwa zimenezo kuli namondwe wa Idai wa 2019 ndi madzi osefukira a mu January 2015. Ndiye mlendo akaimirira kutsogolo n'kunena kuti "mwachedwa, anzanu anayamba kale," adziwe kuti akulankhula ndi anthu amene zaka zimenezo ankagwira ntchito yofunika kuposa kuyesa mapulogalamu, ndipo ambiri a iwo nyumba zawo zomwe zinalowa madzi.

Kutopa kumeneku sikumveka pakamwa. M'maofesi mwathu munthu sauza mkulu wake kuti zandikulira. Tinaleredwa kuyankha kuti "chabwino bwana" ngakhale mtima ukugunda. Umangoona zizindikiro basi. Kalaliki amene kale ankaweruka pa nthawi yake tsopano akutsalira mu ofesi mpaka mdima, akufuna ayese pulogalamu ija popanda womuona akalakwitsa. Mlangizi wina wachikulire, amene alimi a thonje amamumvera kuposa wailesi, amapita ndi tabuleti kunyumba kuti mwana wake wa ku sekondale amulembere, m'mawa n'kubwera nayo ngati wachita yekha. Mtsikana amene wangochoka kumene ku koleji amaigwiritsa ntchito bwino zedi, koma mobisa, kuopa kuti anzake azimunena kuti ntchito akumugwirira ndi makina. Atatu onsewa chikuwadya n'chimodzi, koma aliyense akuganiza kuti ali yekha. Mu October, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo tulo timavuta kale, ena amandiuza kuti amadzidzimuka pakati pa usiku akuganiza za lipoti.

Mabwana akaona zoterezi amathamangira kukonza maphunziro. Za maphunziro ndinena, koma tione kaye zimene munthuyu wasenza kale. Kalaliki wathu anayamba ndi kaundula wa pepala. Kenako kunabwera Excel, ndipo anauzidwa kuti za mapepala zatha. Sizinathe, chifukwa ofufuza mabuku akabwera amafuna kuona siginecha kapena chidindo cha chala cha mlimi. Kenako anabwera mafomu a pa tabuleti, koma Excel sinachoke chifukwa wopereka ndalama wina amafuna zinthu zake m'mizere yakeyake. Lero AI yakhala pamwamba pa zonsezo. Dzina limodzi la mlimi wa ku Makhanga limalembedwa pa pepala, pa tabuleti ndi pa kompyuta, kenako wina n'kufunsanso kuti makina apange chidule cha zomwezo. Anzathu a m'zipatala ndi m'sukulu akudziwa bwino nkhani imeneyi: buku lili patebulo, kompyuta nayo ikudikira manambala omwewo.

Palinso china chimene ogwira ntchito anachizindikira msanga kuposa mabwana awo. Makina akafupikitsa ntchito, mpata umene wapezekawo sukhala wa wogwira ntchitoyo. Lipoti limene linkatenga masiku atatu likatheka tsiku limodzi, ku likulu amayamba kufuna malipoti ena. Munthu akaona kuti kuphunzira msanga kumangomuitanira ntchito yambiri, angalimbikire bwanji?

Choncho thandizo loyamba ndi kumuchepetsera. Aliyense wobweretsa chida chatsopano atchule ntchito yakale imene ikutha, aitchule ndi dzina lake, ndipo ailembe pa pepala. Kwathu tinagwirizana kuti lipoti la mlungu ndi mlungu lofotokoza m'mawu ataliatali lithe, kutsale manambala ndi ndemanga zochepa. Kuyambira pamenepo ndi pamene anthu anayamba kufunsa mafunso enieni okhudza pulogalamu yatsopano ija, mafunso a munthu amene akufuna kudziwa. M'mbuyomo ankangoti "tamva."

Tsono za maphunziro. Tonse timawadziwa mmene amakhalira. Masiku awiri m'chipinda cha pa loji, wophunzitsa watsetsereka mapiri kuchokera ku Blantyre n'kudutsa pa Thabwa m'mamawa, zolemba za pakhoma zonse m'Chingerezi, zitsanzo zake za kampani yogulitsa katundu pa intaneti kunja. Pa loji intaneti imagwira, magetsi akazima jenereta imalira. Aliyense amagwedeza mutu, kusainira alawansi, n'kubalalika. Lolemba lake mlangizi ali ku East Bank, kutsidya kwa Shire, netiweki ikubwera n'kumapita, foni yatentha mpaka yazima yokha, ndipo bandulo ndi ya m'thumba mwake. Chigwereni mphamvu kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro a anthu ambiri amatha mwezi usanafike pakati. Kumuuza munthu wotere kuti "muziyeserera kunyumba" n'kumuuza kuti achotse ndalama ya ndiwo agulire bandulo yophunzirira chinthu chimene akuganiza kuti chidzamulanda ntchito.

Kwa amayi n'zoposa apo. Akaweruka kuli moto woti ayatse, madzi oti atunge, ana, odwala. Bambo wa mu ofesi yomweyo akhoza kukhala pakhonde ndi foni mpaka usiku, mayi sangathe. Ikapita miyezi ingapo mumva wina akuti mayi uja ndi wochedwa kugwira zinthu. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa kawirikawiri mayi yemweyo ndi amene amadziwa pamtima kuti fomu yakuti inasungidwa m'kabati iti chaka cha madzi osefukira.

Zimene ndaona zikuthandiza n'zosafuna ndalama zambiri. Kuphunzira kuzichitika nthawi ya ntchito, m'mawa kusanatenthe, pa desiki pa munthuyo, pogwiritsa ntchito zimene akuyenera kuchita tsiku limenelo, kaya ndi kalata yoitanira mafumu ku msonkhano, kaya ndi chidule cha zokambirana za komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Bandulo igulidwe ndi ofesi. Anthu akhale awiriawiri, azilankhula Chichewa kapena Chisena, chilichonse chimene awiriwo amalankhula akamadya nsima. Agwire ntchito imodzi yokha mpaka aizolowere. Ndipo bwana asaimirire kumbuyo kwawo.

Pokhazika anthu awiriawiri pafunika nzeru. Kuno kwathu, mnyamata kuphunzitsa munthu wa msinkhu wa bambo ake pamaso pa gulu n'kumuchotsera ulemu, ngakhale mnyamatayo akhale waulemu chotani. Koma mukawapatsa ntchito imodzi, wina akhale wodziwa podina, winayo wodziwa ngati yankho lili loona, zinthu zimasintha. Ndinamvapo mnyamata wina akufunsa kuti, "Achikulire, taonani apa, zimene yalembazi zingathekedi kwa Nyachikadza?" Bamboyo anawerenga n'kuyankha kuti, "Ayi aphwanga, kumeneko dzinja njinga sifika, n'pabwato basi. Fufutani, tilembe zoona." Tsiku limenelo onse awiri anaphunzira, ndipo panalibe amene anachita manyazi.

Komabe, ngakhale muchepetse ntchito ndi kukonza maphunziro, pali funso limodzi limene likapanda kuyankhidwa zonsezo sizipita patali. Aliyense ali nalo mumtima, koma pamsonkhano palibe amalifunsa: kodi chaka chamawa ntchito yanga idzakhalapo?

Ife akuchigwa timadziwa kusiyana kwa machenjezo awiri. Pali chenjezo longoti "madzi akubwera, samukani," ndipo pali lakuti "Ruo wadzaza, madzi afika usiku uno, pitani ku sukulu yakuti, bwato lili pakuti." Loyambalo limangosowetsa anthu tulo, ndipo akalimva kawirikawiri amasiya kulimvera. Lachiwirilo limadzutsa munthu kuti amange katundu. Zimene ogwira ntchito akumva za AI n'za mtundu woyamba uja. Pa Facebook, pa wailesi, ngakhale m'mawu a mabwana otsegulira maphunziro, uthenga ndi umodzi: zinthu zikusintha, wosasintha atsalira. Koma asinthe motani, pofika liti, ndipo amuthandiza ndani, palibe akunena.

Manambala alipo, ndipo ndi bwino anthu awamve onse osadula. Mu August 2023 bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti AI ya mtundu wa ChatGPT ikhoza kusintha kagwiridwe ka ntchito zambiri kusiyana ndi kuzithetseratu. Linapeza kuti m'mayiko olemera ntchito pafupifupi 5.5 pa 100 zilizonse zikhoza kutengedwa ndi makina otere, pamene m'mayiko osauka ngati lathu ndi 0.4 pa 100. Zimenezi n'zomveka. Wodula nzimbe pa Nchalo, msodzi wa ku Elephant Marsh, mzamba wa pa chipatala, pulogalamu yolemba mawu singalowe m'malo mwawo. Koma kafukufuku yemweyo ananenanso kuti ntchito za ukalaliki ndi zimene zili pa chiopsezo kuposa zonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene kalaliki amachita, ndiponso kuti amayi angakhudzidwe kuposa abambo chifukwa ambiri a iwo ali pa ntchito zoterezi. Ndiye kumuuza kalaliki kuti "ndi 0.4 chabe, musadandaule" n'kumunamiza, chifukwa mu 0.4 imeneyo muli iyeyo.

Ndipo kuno ntchito ya malipiro a pamwezi ndi yosowa. Malipiro a kalaliki mmodzi amalipira fizi ya ana a mlongo wake, amagulira makolo chimanga chaka chimene mapira apsa ndi dzuwa, amagula bokosi pakagwa maliro. Akamaopa, akuopera anthu onsewo. Anaonanso ndi maso awo zimene zinachitika kale. Kunali anthu amene ntchito yawo inali kuyenda ndi maenvulopu a ndalama kukalipira anthu m'midzi. Lero ndalama zambiri zimangolowa pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndipo ntchito ija inachepa. Munthu amene anaona zimenezo simungamutonthoze ndi mawu otsekemera.

Chimene ndikupempha kwa aliyense amene ali ndi anthu pansi pake n'chakuti anene zoona, ndipo azinene msanga. Ngati bungwe lilibe maganizo odula anthu chifukwa cha AI, linene poyera, lilembe, litchule kuti lonjezolo likufika liti. Ngati ntchito zina zisintha, zitchulidwe, ndipo eni ake amve ali pampando m'chipinda cha bwana, asamve m'mphekesera za pa gulu la WhatsApp. Ngati nkhaniyo sinagamulidwe, anene kuti sinagamulidwe, wogamula ndi uje, yankho lidzabwera mwezi wakuti. Anthu akuluakulu amatha kupirira uthenga wowawa. Chimene ndaona chikuwadwalitsa ndi bwana amene amamwetulira n'kusintha nkhani.

Akumbutsidwenso kuti lamulo lilipo. Employment Act ya 2000 imati munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo amene wagwira chaka kapena kuposerapo, akachotsedwa chifukwa chakuti kampani yasintha kayendetsedwe ka ntchito, ayenera kulandira ndalama ya severance malinga ndi zaka zimene wagwira. Wosakhutira akhoza kupita ku ofesi ya zantchito ya pa boma, ngakhalenso ku khoti la Industrial Relations. Mabwana ena amaganiza kuti kuuza antchito zimenezi n'kudziputira mavuto. Ine ndaona kuti munthu wodziwa ufulu wake amaphunzira modekha kuposa amene akuganiza kuti akhoza kungouzidwa Lachisanu kuti Lolemba asabwere. Amene ali pamavuto kwambiri ndi a makontirakiti a chaka chimodzi, omwe ndi ambiri m'mabungwe a kuno, chifukwa kontirakiti ikatha palibe amene amafunika kufotokoza zambiri. Amenewa ndiye oyenera kuuzidwa msanga kuposa onse, kuti akhale ndi nthawi yokonzekera.

Mantha ena ndi a tsiku ndi tsiku: makina akalakwitsa, mlandu ndi wa ndani? Apa zimathandiza kufotokoza mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, chifukwa ambiri amaganiza kuti mkati mwake muli nzeru zodziwa zonse. Mapulogalamu otere anapangidwa powadyetsa zolembedwa zochuluka zedi, zambiri za pa intaneti, ndipo chimene amachita ndi kulosera mawu oyenera kutsatira pa mawu amene apatsidwa. Pa nkhani imene yalembedwa kwambiri amachita bwino modabwitsa. Pa nkhani imene yalembedwa pang'ono amayankhabe molimba mtima chimodzimodzi, kungoti tsopano akupeka. Za chigwa chathu zalembedwa zochepa, m'Chichewa zocheperapo, m'Chisena ndi m'Chimang'anja ndiye zochita kutolatola. Chichewa chinalowa mu Google Translate mu 2014, koma zimenezo sizitanthauza kuti makina amamva kalankhulidwe ka mlimi wa kwa Tengani.

Tafunsani za nthawi yobzala ku Malawi, mupatsidwa kalendala ya kumtunda: chimanga, mvula yoyamba ya mu November kapena December, kukolola cha mu April. Si bodza, koma yasiya theka la ulimi wathu. Kuno mabanja ambiri amadalira madimba, kubzala chimanga, nyemba ndi mbatata m'chinyontho chimene madzi amasiya akaphwera, ndipo m'minda ya kutali ndi mtsinje mumayenda mapira, mchewere ndi thonje chifukwa mvula ndi yochepa. Mlangizi amene wakhala pa Ngabu zaka zambiri amaona kulakwikako nthawi yomweyo. Koma ngati anauzidwa kuti makinawa ndi anzeru kuposa iye, amayamba kudzikayikira, n'kusiya zolakwikazo zidutse, pamene pansi pa lipoti pali dzina lake. Kukhala pakati pa zimene ukudziwa ndi zimene makina alemba, tsiku ndi tsiku, kumatopetsa kuposa ulendo wa pa njinga.

Izi sizichitikira ife okha. Mu 2023 khoti la ku New York linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 atapereka zikalata zotchula milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Amenewo ndi anthu ophunzira kwambiri, okhala ndi magetsi ndi intaneti usana ndi usiku. Nkhani imeneyi ndimaifotokozera anzanga kuti adziwe kuti kukayikira makina ndi mbali ya ntchito yawo. Ku ofesi kwathu tinanena momveka kuti amene amayenda m'midzi akati yankho la makina n'lolakwika, mawu ake ndiwo aime, ndipo safunika kupepesa. Wopeza cholakwika timamuyamikira pa msonkhano wa Lolemba, n'kuchilemba m'kabuku kuti anzake achidziwe. Nthawi yowerenganso zimene makina alemba timaiwerengera ngati ntchito, chifukwa ndi ntchitodi, ndipo nthawi zina imatenga mpata wofanana ndi kulemba wekha.

Chitsanzo chimene chimandilimbitsa mtima ndi Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene bungwe la Opportunity International linayambitsa m'dziko muno mu 2024. Imayankha mafunso a zaulimi m'Chichewa ndi m'Chingerezi kuchokera m'buku la malangizo la Unduna wa Zamalimidwe, ndipo popeza alimi ambiri alibe mafoni amakono, imadutsira mwa anthu a m'midzi momwemo amene amanyamula foni n'kukhala pansi ndi alimi. Chimene ndimakonda n'chakuti okonza ake anasiya munthu pakati, wodziwa munda, wodziwa mwini munda, wotha kunena kuti izi kuno sizingatheke. Wogwira ntchito akaona kuti chida chinapangidwa chikumuwerengera iye, mtima wake umakhala pansi.

Pali mantha enanso amene alangizi amangowanong'onezana, akuti makina akuwalondalonda. Tabuleti imalemba malo amene munthu wafika ndi nthawi yake, ndipo tsopano akumva kuti AI izisanthula zimenezo n'kuonetsa amene akugwira ntchito ndi amene akuzemba. Aliyense wa kuno akudziwa kuti mlangizi akafika m'mudzi n'kupeza maliro, msonkhano wa alimi sungachitike. Amatsika pa njinga, kukapepesa, kukhala nawo pansi. Tsiku limenelo makina alemba kuti sanakumane ndi mlimi aliyense, pamene kukhala kwake pa maliropo ndi kumene kudzachititse kuti mudzi umenewo udzamumvere chaka chonse. Chimodzimodzi mtsinje wa Mwanza ukadzaza, munthu n'kudikira tsidya lina maola angapo. Bwana anene poyera zimene zikulembedwa, amene amaziona, ndi kuti palibe adzadzudzulidwe kapena kuchotsedwa chifukwa cha manambala a makina asanafunsidwe kuti afotokoze yekha.

Nkhani ya zinsinsi za anthu ndiifupikitse, ngakhale ndi yaikulu. M'makaundula mwathu muli maina, manambala a ziphaso za unzika, manambala a foni, nthawi zina ngakhale zakuti m'banja lakuti muli wodwala matenda okhalitsa kapena ana amasiye. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zoterezi, Data Protection Act ya 2024, ndipo MACRA ndi imene inapatsidwa udindo woliyang'anira. Kalaliki wosamala mtima umamuuza kuti kukopera mndandanda wa olandira thandizo n'kuuponya mu pulogalamu ya kampani ya kunja si bwino, koma kalata ya ku likulu yangoti gwiritsani ntchito AI. Tsamba limodzi n'lokwanira kumumasula: izi mukhoza kuikamo, izi ayi, mukakayika funsani uje. Lilembedwe m'Chichewa, limatidwe pakhoma pafupi ndi kalendala.

Kwa inu achimwene ndi achemwali amene mukuwerenga izi pa foni mutaweruka, mutu ukuwawa: simukufunika kudziwa mapulogalamu onse amene akutchulidwa pa Facebook mlungu uliwonse. Ambiri mwa amenewo ndi malonda. Sankhani ntchito imodzi imene imakutopetsani, mwina kukonza Chingerezi cha kalata, muyese pamenepo, muone nokha pamene ikuthandiza ndi pamene ikunama. Afunseni a bwana, mwaulemu koma momveka, kuti ntchito yakale imene ikutha ndi iti, nanga bandulo alipira ndani. Ngati kufunsa nokha kukuvuta, funsani ngati gulu, kapena kudzera ku bungwe loimira ogwira ntchito ngati lilipo pamalo panu. Muuzeko mnzanu mmodzi kuti zakukulirani, mwina iyenso akungosowa poyambira. Ndipo ngati papita milungu musakugona, chakudya sichikulowa, mtima ukungothamanga, kapena mwayamba kudalira mowa kuti mupeze tulo, pitani kuchipatala mukafotokoze. Amenewo ndi matenda, ndipo thandizo lake lilipo.

Otsala ndi ife apakati, oyang'anira anthu kuno pamene malamulo akuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Nafenso chidachi tinangopatsidwa, ndipo n'kosavuta kutenga kalata ya kumtunda n'kuitsitsira kwa anthu athu mmene ilili, ndi mantha ake omwe. Koma ife ndi amene tili ndi khutu la mbali zonse ziwiri. Mu July 2024 African Union inavomereza ndondomeko ya AI ya Africa yonse pa msonkhano wa ku Accra, ndipo ndondomeko zina zidzabwerabe, za boma, za mabungwe, za opereka ndalama. Olemba ake sangadziwe kuti pa Bangula foni imazima ndi kutentha ngati ife sitinena. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikadzayamba kuthirira minda, padzafunika makalaliki ndi alangizi ena ambiri, ndipo amenewo adzapatsidwa zida zimenezi tsiku loyamba lomwe. Zimene tingakonze lero zidzawathandiza iwonso. N'chifukwa chake lipoti langa lililonse lopita ku likulu tsopano limakhala ndi ndime yonena za masiku amene magetsi anazima, madera amene netiweki sinagwire, ndalama zimene zapita ku bandulo, ndi zolakwika zimene alangizi anapeza m'mayankho a makina.

Kalembera wa alimi wa chaka chino tikumuchita motere. Ku East Bank ndi kwa Nyachikadza pepala likhalabe, ndipo zolembedwazo zidzalowa mu kompyuta kamodzi kokha, mu ofesi, nthawi ya ntchito. AI tiigwiritsa ntchito polemba chidule cha lipoti basi, ndipo dzina la mlimi aliyense silidzalowamo. Funso la makontirakiti a chaka chamawa ndinalitumiza ku likulu molemba, ndipo anthu anga ndinawauza tsiku limene ndinalitumiza ndi tsiku limene ndidzakumbutsenso.